Banki ikafuna kulanda nyumba: mawu kwa ana athu a ku Mangalande

Ana anga, inu amene mudagula nyumba pangongole kuno ku Mangalande, kaya ndi ku Leicester, ku Manchester, ku Luton kapena kwina kulikonse kumene mwamwazikira, ndati ndikutsineni khutu pa nkhani imene sitiikamba pa maliro, pa chinkhoswe ngakhale potuluka m'tchalitchi. Tikakumana timafunsana za ana, za ntchito ndi za mvula kumudzi. Palibe amene amatsegula pakamwa kunena kuti wadumphitsa miyezi iwiri osalipira kubanki, chonsecho ena mwa ife ndi mmene zilili. Timadzamva nyumba itapita kale, banja lonse litapanikizana m'kachipinda ka lendi. Tikafufuza bwino timapeza kuti njira zopulumutsira nyumbayo, kapena ndalama zimene zidalowamo, zidalipo zingapo, koma zidatsekeka imodziimodzi mwini wake ali duu. Akuluakulu sadaname pamene adati mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Yambani mwachotsa m'mutu mwanu maganizo akuti wolephera kulipira ndi waulesi kapena wosalongosoka. Kumayambiriro kwa Disembala 2021 chiwongoladzanja cha Bank of England chidali pa 0.1 peresenti. Pofika Ogasiti 2023 chidali chitakwera maulendo 14 motsatizana mpaka kufika pa 5.25 peresenti, ndipo pakati pakepo, mu Sepitembala 2022, bajeti ya boma la Liz Truss idasokoneza misika moti ngongole za nyumba zidakwera mtengo m'masiku owerengeka. Munthu amene ali ndi ngongole ya £150,000 ya zaka 25 amalipira pafupifupi £636 pamwezi chiwongoladzanja chikakhala 2 peresenti. Chikafika pa 6 peresenti amalipira pafupifupi £966. Nyumba ndi yomweyo, malipiro a kuntchito ndi omwewo, koma mwezi uliwonse pakufunika £330 ina. Onjezanipo matenda, kuchepa kwa mashifiti kapena kutha kwa banja, muona kuti ngakhale munthu wosamala amagwa. Si inu oyamba ayi. M'chaka cha 1991 chokha nyumba pafupifupi 75,500 zidalandidwa m'dziko muno, ndipo kuchokera nthawi imeneyo malamulo akhala akusinthidwa kuti kulanda nyumba kuzikhala chinthu chomaliza penipeni. Malamulowo alipo, koma amathandiza munthu amene wadzionetsa.

Woyamba kumuuza ndi mnzanu wa m'nyumba. Ndikunena makamaka kwa inu abambo, amene mumathamangira pakhomo m'mawa kukatola makalata kuti mayi asawaone. Ngati mudasainira awiri, aliyense wa inu ali ndi mlandu wa ngongole yonse, osati theka lake. Mukabisa ndiye kuti mukuipitsa dzina la mkazi wanu kumabanki iye asakudziwa, ndipo mbiri yoipa imeneyo imakhala m'kaundula zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi amene mukumubisirayo mwina ndi amene akadapeza nzeru, kapena akadawonjezera mashifiti awiri pa sabata mpaka zinthu zitawongokera.

Wachiwiri ndi banki, ndipo muwaimbire mwezi woyamba womwewo, makamaka musanadumphitse n'komwe. Mu Juni 2023 mabanki ambiri akuluakulu adasainirana ndi boma pangano lotchedwa Mortgage Charter, nduna ya zachuma ali Jeremy Hunt. Adalonjeza kuti munthu amene sadadumphitsepo atha kupempha kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi azilipira chiwongoladzanja chokha, kapena kuti zaka za ngongole ziwonjezeredwe, popanda kumufufuzanso za kapezedwe kake ndiponso popanda kumudetsera mbiri. Mwamva bwino: mwayi umenewu ndi wa amene sadadumphitse. Wochedwa wadzimana yekha. Adalonjezanso kuti, kupatula pa zifukwa zapadera, sadzatulutsa munthu m'nyumba mokakamiza chisanathe chaka kuchokera pamene adadumpha koyamba. Funsani ngati banki yanu idasaina nawo. Ngakhale idakana, malamulo a FCA, bungwe loyang'anira obwereketsa ndalama, amakakamiza wobwereketsa aliyense kuti akambirane nanu mwachilungamo ndi kuganizira njira zina asanapite kukhothi: kutalikitsa zaka, kukuchepetserani zolipira kwa kanthawi, kapena kuphatikiza zotsalirazo ku ngongole yaikulu kuti muzibweza pang'onopang'ono. Zonsezi zili ndi mtengo wake, pakuti zaka zikachuluka chiwongoladzanja chonse chimachulukanso, koma mtengo umenewo ndi wochepa poyerekeza ndi kutaya nyumba. Polankhula nawo musalonjeze ndalama imene simungakwanitse pongofuna kuti foni ithe msanga. Lembani tsiku ndi dzina la amene mwalankhula naye, ndipo zimene mwagwirizana akutumizireni polemba. Mukalephera kulipira zonse, lipiraniko zimene muli nazo mwezi ndi mwezi. Woweruza adzaziona.

Tsopano ndikambe nkhani imene ikutikhudza ife makamaka, ndipo ndikudziwa kuti ena ikuwawani. Ambiri mwa inu mukusenza nyumba ziwiri: iyi mukugonamoyi, ndi ina imene mukumanga ku Area 49, ku Chileka kapena ku Mzuzu. Pamwamba pake pali fizi ya ana a achemwali, feteleza wa amayi, mankhwala a agogo, ndi zopereka za maliro zimene sizitha pa magulu a WhatsApp. Zonsezi ndi zabwino, ndipo ndi umunthu umene tidaleredwa nawo. Koma denga limene ana anu akugonamo usiku uno likhale patsogolo. Imitsani kaye zomangazo, maziko sathawa. Auzeni abale mosabisa kuti kwa miyezi ingapo mutumiza zochepa, ndipo muwauze chifukwa chake. Amene amakukondani amva. Mukataya nyumba kuno, amene mumawathandizawo ndi amene adzavutike kwambiri, chifukwa lendi ya kuno nthawi zambiri imadya kuposa zimene mumapereka kubanki. Ena amaganiza zogulitsa puloti kwathu kuti aombole ya kuno. N'zotheka, koma muwerengere bwino. Kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki a kwathu, ndipo mamiliyoni amene amamveka ambiri ku Lilongwe amasanduka mapaundi ochepa, amenenso amafika mochedwa. Musauze banki kuti ndalama zikubwera kuchokera kumudzi musanazigwire m'manja.

Chimodzimodzinso ndi ngongole zina za kuno. A makadi a ngongole ndi a m'masitolo ndi amene amaimba foni kawirikawiri, ndiye munthu wamantha amayamba kulipira iwo. Kumeneko n'kulakwitsa. Iwo sangakutulutseni m'nyumba mawa. Banki ya nyumba ingathe. Nyumba, msonkho wa khonsolo, magetsi ndi gasi zikhale koyamba, zinazo zidikire.

Musasenze nokha. StepChange, National Debtline, Citizens Advice ndi Shelter amapereka uphungu mwaulere, ndipo aliyense wofuna kuti mumulipire kuti akukonzereni ngongole mukaikireni. Mlangizi wa ngongole atha kukulowetsani mu ndondomeko ya Breathing Space, imene idayamba mu 2021, yoimitsa okongoza kwa masiku 60 pa zotsalira zanu, ngakhale kuti za mwezi ndi mwezi mumayenera kupitiriza kulipira. Amene ali pa Universal Credit kwa miyezi itatu atha kupempha Support for Mortgage Interest, imene imathandiza pa chiwongoladzanja cha ngongole yosapitirira £200,000. Dziwani kuti kuyambira 2018 imeneyi ndi ngongole yodzabweza pogulitsa nyumba, si mphatso. Ngati viza yanu imakuletsani kulandira thandizo la boma, musapemphe musanafunse odziwa za malamulo olowera m'dziko. Fufuzaninso m'mapepala anu akale, mwina mudagula inshulansi yolipira ngongole mukadwala kapena ntchito ikatha, n'kuiwala. Ndipo ngati muli ndi chipinda chongokhala, ana athu ambiri amene abwera kudzaphunzira kapena kudzasamalira okalamba akusowa pogona. Boma limalola kulandira mpaka £7,500 pachaka kwa wogona m'nyumba mwanu osadulidwa msonkho. Muyambe mwapempha chilolezo kubanki ndi kuona mapepala a mlendoyo monga lamulo likunenera.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wanga wonse ndi kukwirira ngongole ndi ngongole ina yoipa. Katapila adawoloka nafe nyanja, ndipo alipo pakati pathu amene amabwereketsa mwamseri n'kumasunga pasipoti ya mnzawo ngati chikole. Kuno kuchita malonda obwereketsa ndalama popanda chilolezo cha FCA ndi mlandu, ndipo wolakwa ndi wobwereketsayo, osati inu. Palinso makampani ovomerezeka amene angakupatseni ngongole yachiwiri pa nyumba yomweyo, pa chiwongoladzanja chokwera. Mukatero ndiye kuti anthu amene angakulandeni nyumba akhala awiri.

Kalata ya kukhothi ikafika, ambiri amati basi zatha, n'kuyamba kulongedza. Sizinathe. Umenewu si mlandu waupandu, palibe amene amamangidwa, ndipo umakambidwa mwachidule ku County Court, kawirikawiri m'chipinda chaching'ono. Pamodzi ndi masamoni mumabwera fomu yotchedwa N11M, imene mumalembapo zimene mumapeza, zimene mumawononga ndi zimene mungathe kulipira; ibwezeni pasanathe masiku 14. Tsiku la mlandu pitani, ndipo mulawirire, chifukwa pamakhala mlangizi wa zamalamulo wothandiza mwaulere tsiku lomwelo. Kuyambira Ogasiti 2023 pali ndondomeko ya Housing Loss Prevention Advice Service imene imathandizanso tsikulo lisanafike. Mutenge mapepala a malipiro anu, a kubanki, ndi makalata onse amene mudalemberana. Lamulo la Administration of Justice Act la 1970 limapatsa woweruza mphamvu yoimitsa kulanda ngati aona kuti mutha kubweza zotsalira m'nthawi yoyenera. Nanga nthawi yoyenerayo ndi yaitali bwanji? Pa mlandu wa Cheltenham and Gloucester ndi Norgan, mu 1995, khothi la apilo lidagamula kuti woweruza ayambe waganizira zaka zonse zimene zatsala pa ngongoleyo. Taonani tanthauzo lake. Ngati mwatsalira ndi £6,000 ndipo kwatsala zaka 20, imeneyo ndi miyezi 240, kutanthauza £25 pamwezi pamwamba pa zimene mumalipira kale. Banki ingafune kuti mubweze zonse m'chaka chimodzi, koma woweruza atha kuvomera £25 yanuyo n'kukusiyani m'nyumba malinga musaphonye. Anthu ataya nyumba chifukwa chosadziwa chinthu chimodzi chimenechi, ndiponso chifukwa chosapita. Mpando wanu ukakhala wopanda munthu, woweruza amamva mbali imodzi, ndipo kawirikawiri amapereka masiku 28 kuti mutuluke. Ngakhale zitafika pamenepo, ngakhale kalata ya ma bailiff yokupatsani masiku 14 itafika, mutha kulemba fomu ya N244 kupempha woweruza kuti aimitse, bola mukhale ndi chatsopano chomuuza, monga ntchito imene mwapeza kapena wogula amene wapezeka. Zimene ndanenazi ndi za ku England ndi Wales. Inu a ku Glasgow ndi Edinburgh, malamulo anu ndi ena, mlandu umapita ku Sheriff Court, choncho funsani alangizi a komweko.

Komabe ndingakhale wabodza nditakuuzani kuti nyumba iliyonse ingapulumuke. Khalani pansi awiri ndi cholembera. Ngati vuto ndi la kanthawi, limbanani nalo. Koma ngati mwadula zonse zodulika ndipo za mwezi ndi mwezi zikukukanikanibe, osanena za zotsalira, ndiponso palibe chikuoneka kuti chisintha, musadzinamize. Mwezi uliwonse umene mukukakamira, chiwongoladzanja, zilango ndi ndalama za maloya a banki zikudya gawo lanu. Pamenepo funso lasintha. Simukupulumutsanso makoma, mukupulumutsa thukuta lanu limene lili m'makomamo: dipoziti imene mudasonkhanitsa pogwira usiku ndi zaka zonse zimene mwalipira. Njira yake ndi kugulitsa nokha nthawi ikadalipo. Itanani ma estate agent atatu auone mtengo, yerekezani ndi mitengo imene nyumba za mumsewu mwanu zidagulidwira, imene a Land Registry amaionetsa mwaulere pa intaneti, ndipo muike mtengo woti igulidwe, osati wodzitonthoza nawo. Funsani banki chiwerengero chonse chotsekera ngongole, kuphatikizapo chilango chobwezera msanga ngati chilipo. Auzeni kuti nyumba ili pamsika ndi kuwatumizira umboni. Malamulo amafuna kuti akupatseni mpata wokwanira wogulitsa, ndipo mabanki ena amathandizako pa zolipira za kugulitsako. Woweruza nayenso atha kukupatsani nthawi akaona kalata ya wogula ndi ya loya. Kugulitsa kotere kumatenga miyezi, n'chifukwa chake ndikuti musankhe msanga. Okushoni ndi yachanguko, malonda amatha pafupifupi masiku 28 nyundo ikagunda, koma mtengo umatsika. Ngati ngongole yaposa mtengo wa nyumba, simungagulitse popanda banki kuvomera, ndiye kambiranani nawo za chotsalacho musanayambe.

Tsono pali awa amene amaponya timapepala pakhomo ndi kudzaza intaneti, olonjeza kugula nyumba iliyonse ndi ndalama zapamanja m'masiku asanu ndi awiri. Mukuwadziwa mavenda amene amazungulira m'midzi nthawi yokolola, podziwa kuti mlimi watopa ndi ngongole ndipo agulitsa chimanga pa mtengo uliwonse. Awa ndi abale awo. Phindu lawo limachokera pa changu chanu. Bungwe la Office of Fair Trading litafufuza malonda amenewa mu 2013 lidapeza kuti ogulitsa amataya pakati pa 10 ndi 25 peresenti ya mtengo weniweni, ndiponso kuti makampani ena amatsitsa mtengo kumapeto penipeni, munthu atasowa kale kothawira. Mukamva 20 peresenti mumaona ngati ndi pang'ono, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Nyumba yanu ndi ya £200,000 ndipo banki ikufuna £140,000. Gawo lanu ndi £60,000. Kampani ikakupatsani £160,000, banki itenga £140,000 yake yonse osachotsapo ngakhale khobidi, inu n'kutsala ndi £20,000. Mtengo watsika ndi 20 peresenti, koma inu mwataya magawo awiri mwa atatu a thukuta lanu. Kutsika konseko kwagwera inu nokha.

Sindikunena kuti onse ndi akuba. Ilipo nthawi imene kugulitsa kotere n'kwanzeru: tsiku lotulutsidwa layandikira, woweruza wakana kuwonjezera nthawi, kapena nyumba ili ndi vuto loti mabanki sangabwereketse wogula wamba. Kutenga £20,000 ndi kutuluka mwaulemu kumaposa kudikira ma bailiff. Koma mukalowa njira imeneyi lowani maso ali gwa. Malonda amenewa sayang'aniridwa ndi FCA. Sankhani kampani imene ili m'bungwe la National Association of Property Buyers ndiponso yolembetsedwa ku The Property Ombudsman, kuti mukhale ndi kokadandaula. Afunseni mwachindunji ngati akugula okha kapena akukusakirani wogula, pakuti ena alibe ndalama n'komwe, amangokumangani ndi pangano loletsa kugulitsa kwa wina kwa miyezi yambiri pamene iwo akufunafuna munthu. Akuonetseni umboni wa ndalama zawo. Mtengo womaliza ulembedwe. Musalipire kalikonse poyamba. Loya akhale wanu, wodzisankhira nokha, ngakhale atakuuzani kuti wawo ndi waulere. Ndipo munthu akakuuzani kuti musaine lero lomwe apo ayi mwayi upita, mutsegulireni chitseko azipita.

Wina adzabwera ndi mawu okoma kuposa amenewa: mugulitse kwa ine, koma mukhalabe momwemo ngati alendi, ana sasintha sukulu, anansi sadziwa kanthu. Amadziwa kuti chimene tikuopa kwambiri ndi maso a anthu. Mabanja ambiri adapwetekedwa ndi njira imeneyi m'zaka za m'ma 2000. Wogulayo amakatenga ngongole yake pa nyumbayo, n'kusiya kulipira, banki yake n'kubwera kudzatulutsa anthu amene adalonjezedwa kukhala moyo wawo wonse. Nkhani ina yotere ya kumpoto chakum'mawa kwa England idafika mpaka ku Supreme Court mu 2014, ndipo khothi lidagamula mokomera mabanki. Kuyambira 2009 malonda amenewa amafuna chilolezo, malamulo amati wogulitsa apatsidwe lendi ya zaka zosachepera zisanu, ndipo mu 2012 oyang'anira atafufuza adapeza zolakwika zambiri moti msika wonse udangotsala pang'ono kutsekedwa. Wokuuzani zimenezi lero, yambani mwafufuza dzina lake m'kaundula wa FCA. Mukapanda kulipeza, musamuyankhenso.

Otopa kwambiri amaganiza zongoika makiyi mu envulopu n'kutumiza kubanki, kapena kukwera ndege kubwerera kumudzi. Musatero. Ngongole siithera pa makiyi. Chiwongoladzanja chimapitirira mpaka tsiku limene banki idzagulitse, ndipo zolipira maloya, osintha maloko ndi ogulitsa zonse zimalembedwa pa inu. Lamulo limati banki igulitse pa mtengo wabwino umene ingaupeze ndi kukubwezerani chotsala, koma nyumba yopanda anthu, yozizira, ya udzu wautali pabwalo, sikopa wogula ngati mmene ikadakopera inu muli momwemo. Ndalama zikaperewera, banki ili ndi zaka 12 zokutsatirani pa ngongole yeniyeniyo ndi zaka zisanu ndi chimodzi pa chiwongoladzanja. Ana anu adzafuna kubwerera kuno, nanunso mwina mudzafuna kuchita lendi kapena kugulanso, ndipo dzina lanu lidzakhala likukudikirani.

Musanagulitse kapena kutuluka mwa njira iliyonse, pitani kukhonsolo. Lamulo la 2017 limati munthu amene ali pa chiopsezo chosowa pokhala m'masiku 56 akubwerawo, khonsolo iyambe kumuthandiza asanatulutsidwe. Koma ikaona kuti mudasiya dala nyumba imene mukadatha kukhalamo, itha kunena kuti mwadzisowetsa nokha pokhala, n'kukuchepetserani thandizo. Choncho sungani mapepala onse osonyeza kuti mudayesetsa ndipo simukadakwanitsa: bajeti imene mudalemba ndi mlangizi, makalata a kubanki, kalata ya adokotala kapena ya kuntchito. Inu amene viza yanu sikulolani thandizo la nyumba la boma, ngati muli ndi ana, funsani ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana kukhonsolo komweko, pakuti gawo 17 la Children Act ya 1989 limawapatsa mphamvu yothandiza banja lotere ndi pogona.